Kalongonda wa aPhiri

Pali mlandu umene mlamu wanga wausenza kuyambira Pasaka wa 2019, koma mlanduwo si wake. Kwa Mulungu ndidaulula kale. Vuto ndi lakuti amene ndimadya naye nsima m'mbale imodzi ndikapita kumudzi ndi mlamu wangayo, ndipo nsimayo siitsika bwino.

Ine ndidabadwira ku Kawale ndipo ndidakulira konko. Chimanga ndidachidziwa chili kale m'thumba, pa ulendo wa kuchigayo. Mkazi wanga, Nabanda, kwawo ndi kumunsi kwa mapiri a Dedza, cha ku Mtakataka, kumene mwana wa zaka zisanu amadziwa dzina la udzu uliwonse ndi chimene udzuwo ungakuchite. Kusiyana kumeneku ndidakhala ndikukubisa zaka khumi, ndipo ndinkaganiza kuti ndikukubisa bwino.

Chaka chimenecho Pasaka adagwa pa 21 Epulo, masika ali pakati. Amene akufuna kukaona abale kumudzi apite nthawi imeneyi. Mvula imakhala itakata, kumwamba kuli mbee, m'mawa kukuzizira pang'ono, udzu utayamba kufiira. Maungu ali mbwee pakhonde, mtedza ukuphikidwa ndi makoko ake, nzimbe zili paliponse, amayi akufutsa nkhwani ndi chitambe pa mphasa. Ngakhale agalu amaoneka onona. Mlendo wa mu Febuluwale anthu amamuwerengera mitanda ya nsima ndi maso, koma wa m'masika amangomuuza kuti idyani.

Tidapangana kuti Lachisanu Loyera tipite kumudzi, Loweruka tithandize kumunda, Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi titengere ana kunyanja ku Monkey Bay. Ana athu atatu nyanja ankangoiona pa mapu a kusukulu. Wamng'ono adagona atavala kale kabudula wosambira.

Tidapakira shuga, sopo, mchere, mafuta ophikira ndi chitenje cha apongozi m'ka Sienta kathu, n'kulowa mu M1. Nathenje, Linthipe, Dedza, kenako pa Masasa tidakhota n'kuyamba kutsika Khwekhwerere. Msewu umenewu umapindika ngati njoka yomenyedwa, ndipo Nabanda amautsika atatsinzina, akutchula oyera mtima mmodzimmodzi. Tidafika dzuwa likupendeka. Adatiphera tambala, nthutumba n'kuikidwa m'mbale yanga. Apongozi adandilonjera monga mwa masiku onse, atagwada chapatali pafupi ndi nkhokwe, nkhope atalozetsa kumbali. M'zaka zonsezo ine ndi iwo tinali tisanayang'anane m'maso. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Ulemu umenewu ndinkaunyadira kwambiri, ndipo muukumbukire pamene tikupita kutsogoloku.

Loweruka m'mawa anthu akunola zikwanje, mlamu wanga adati, "Alamu, inu mukakhale pamthunzi muzikatiwerengera mikukwe, poti masamu ndiye anu."

Onse adaseka. Nabanda adandinong'oneza kuti, "APhiri, musadzivute, palibe amene akukuyesani." Koma mawu a mlamu aja adandilasa. Ndidavala malaya anga atsopano a ku Joni, amene ndidatenga pangongole kwa mayi wina wa ku ofesi, ndi kutenga chikwanje chachikulu kuposa zonse. Chifukwa chimene ndidavalira malaya atsopano popita kumunda musandifunse. Ndinkafuna kuoneka ngati munthu amene ntchito siimudetsa.

Ola lisanathe manja anali matuza okhaokha. Mkukwe wanga woyamba udagwa wokha ndisanatembenuke. Wachiwiri udagwera mwana wa mlamu wanga. Nditaona kuti ku mikono zakanika, ndidaganiza zoonetsa za m'mutu. Ndidaitana ana anga ndi asuweni awo kuti tiyende m'mphepete mwa munda ndiwaphunzitse zomera.

Kumalire a munda, kufupi ndi kamtsinje, kunali mtengo umene chomera china choyanga chidaukuta mpaka kunsonga. Masamba ake atatuatatu ngati a nyemba, makoko akulendewera m'magulumagulu, opindika pang'ono, aubweya wofiirira wonyezimira padzuwa. Mtima wanga udadumpha. Chaka cham'mbuyo ofesi idanditumiza ku msonkhano wa za chonde m'nthaka, kumene ndidakhala masiku atatu ndikudikira alawansi, ndipo chimodzi chimene ndidatolako chinali kalongonda. Adatiuza kuti amabwezeretsa chonde, amaphimba nthaka, ndipo nyemba zake anthu a kummwera amadya ataziphika nthawi yaitali n'kumataya madzi kangapo kuti zisawazunguze mutu. Adationetsa ndi chithunzi chomwe.

"Ana inu, uyu ndi kalongonda," ndidatero. "Agogo anu akugula feteleza wodula, chikhalirecho chuma chili pamalire pa munda wawo."

Asuweni aja adabwerera m'mbuyo, akukoka ana anga pamkono. Kamnyamata kena kamene kankadyetsa mbuzi chapafupi kadakuwa kuti, "Bambo, musagwire icho! N'chitedze!"

Ine Chitedze ndinkachidziwa ngati malo ofufuzira zaulimi aja a pa msewu wa ku Mchinji, pamene minibasi imaima. Ndidakayankha kamwanako ndi chifundo cha munthu wophunzira kuti mayina a kumudzi amasiyanasiyana, koma ife tidachita kuphunzira. Akulu adati safunsa adadya phula. Ine adachita kundiuza, koma ndidadyabe.

Ndidagwira chingwe chake n'kukoka mwamphamvu. Kuchokera kumwamba kudatsika kafumbi kofiirira, konyezimira, kokongola ndithu, n'kulowa m'khosi, m'makutu, kumsana. Ndidathyola makoko okwana manja awiri n'kuwakulunga kumunsi kwa malaya, kuti ndikapereke kwa apongozi ngati mbewu. Kenako ndidapukuta thukuta kumaso ndi dzanja lomwelo.

Pambuyo pake ndidawerenga kuti sindidaphonye kutali. Kalongonda ndi chitedze ndi mtundu umodzi, asayansi amautcha Mucuna pruriens. Wolimidwayo ubweya wake ndi wofewa, wakutchireyo ubweya wake ndi timinga tosaoneka bwino tokhala ndi mankhwala otchedwa mucunain, ndipo timathothoka mosavuta makoko akakhwima, nthawi ya masika yomweyi. Nzeru zimenezi ndidazipeza mochedwa ndi sabata imodzi.

Poyamba kudangoti nyerenyere pakhosi. Ndidakanda mwaulemu, ndi chala chimodzi, ndikupitiriza phunziro. Kenako kumsana kudayaka. Kenako m'khwapa, pamimba pamene panali makoko paja, m'zikope, ndi malo ena amene sindingawalembe. Linthumbu ndidalumidwapo, nkhanambo ndidadwalapo ndili ku pulayimale, koma zonsezo ndi masewera. Chitedze ukakanda pamodzi chimayankha pakhumi. Manja awiri amachepa. Ndidadzikhuta pamtengo ngati ng'ombe, ndipo mtengo wake unali womwewo.

Mwana wanga wachisamba akuti ndidalankhula zinenero zimene sadazimvepo. Chimene ndikukumbuka ine ndi chakuti ndidavula malaya n'kuwaponya pachitsamba, n'kuliyatsa liwiro la kumtsinje, lamba ndikumasula m'njira.

Kumudzi kuli malo osambira abambo ndi malo osambira amayi, ndipo munthu wolongosoka akamayandikira amakuwa kuti odi kumadziko, n'kudikira yankho. Ine sindidakuwe. Buluku ndidaliponya m'mabango, n'kudumphira m'madzi ndi kabudula wam'kati yekha, amene naye sanali pamalo ake enieni. Nditavuuka ndidaona miphika, mabeseni a mtedza, ndi amayi asanu ali kakasi. Wapakati anali apongozi.

Kwa nthawi yoyamba m'zaka khumi tidayang'anana m'maso.

Mayi amene uja ndidzamulemekeza mpaka kumanda. Sadakuwe, sadaseke. Adatembenuka pang'onopang'ono, n'kudzifunditsa chitenje kumutu, n'kulankhula ndi mdzukulu wawo amene adali atandithamangira. "Iwe, kawauze abambo akowo atuluke m'madzimo. Madzi ndiye amachikolezera. Ukawauzenso kuti ife sitidaone kanthu." Ine ndinali pamtunda wa mikono iwiri, ndikumva zonse, koma mwanayo adatembenuka n'kundiuza uthengawo mawu ndi mawu, ine n'kuyankha kudzera mwa iye yemweyo kuti zikomo kwambiri, ndamva.

Amayi aja adabalalika, mapewa akugwedezeka. Mlamu wanga adafika akupukuta misozi. Adakumba matope a m'mbali mwa mtsinje n'kundimata thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akumata nkhokwe. Adati ndiime padzuwa osagwedezeka mpaka aume, kuti pomatula atengere timinga tija. Ndidaima pamenepo manja ali tambasu. Mbuzi zidabwera kudzandinunkhiza. Kamnyamata kaja kadakhala pamwala n'kumandiyang'ana, osanena kanthu, ndipo kusanena kanthuko kudandiwawa kuposa chitedze.

Matope asanaume bwino, njala ndi manyazi zidandituma kubwerera kumudzi nditamanga chitenje cha Nabanda m'chiuno. Kuderali gule si wachilendo. Ku Mua komweko kuli malo a chikhalidwe a KuNgoni amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, ndipo ana amadziwa zilombo ndi mayina ake. Atangondiona ndikutuluka m'chimanga, wamatope thupi lonse, ndikudumphadumpha ndi kudzikanda, adakuwa kuti, "Kang'wingwi! Kang'wingwi!" n'kuthawira m'nyumba. Wamng'ono wanga adathawa nawo. Dzinalo lidakhala. Mpaka lero ndikatsika galimoto kumudziko ndimamva ana akunong'onezana kuti aKang'wingwi abwera.

Madzulo apongozi adalamula, kudzera mwa Nabanda, kuti zovala zonse zimene ndidavala zitenthedwe. Mlamu adakatenga buluku ndi ndodo n'kuliponya pamoto. Apo m'pamene tidazindikira kuti makiyi a galimoto mulibe m'thumba.

Lamulungu anthu adapita ku Misa ku Mua, ine ndidatsala ndikufufuza m'mabango, khungu lili zidzolo zokhazokha. Kunyanja sitidapite. Wamng'ono adakhala pakhonde tsiku lonse ndi kabudula wake wosambira, osandilankhula. Makiyi adapezeka Lolemba m'mawa. Adawatola ndi kamnyamata ka mbuzi kaja, ndipo kadandiuza mwaulemu kuti kuvuula makiyi ndi K2,000. Sindidanenerere.

Mpaka apa ndi nkhani imene mudzi wonse umaidziwa, ndipo imakambidwa pa maliro ndi pa zinkhoswe. Chimene sadziwa ndi ichi.

Malaya aja sadatenthedwe. Aliyense ankaganiza kuti adapsa ndi buluku. Koma ine Lolemba mbandakucha, ndikunamizira kukafuna makiyi, ndidapita pachitsamba paja. Malaya a ku Joni, ovala kamodzi, ngongole yake ndisanayambe n'komwe kubweza. Ndidaganiza kuti sopo wa m'tauni achotsa zonse. Ndidawanyamula ndi kamtengo, n'kuwaika m'jumbo, makoko ena akadali m'kati, ndipo makiyi atapezeka ndidalowetsa jumboyo pansi pa mpando wanga. Kuti jumboyo inali yobooka sindidaone.

Mlamu adatipakirira matumba awiri a chimanga, maungu, mtedza ndi mtolo wa nzimbe. Apongozi adatsanzika ali kuseri kwa nkhokwe, patali kuposa kale. Kunkatentha, choncho tidatsegula mawindo onse, mphepo n'kumazungulira m'galimoto.

Tili pakati pokwera Khwekhwerere, wamng'ono adayamba kudzikanda m'miyendo. Kenako wapakati. Kenako Nabanda adasiya oyera mtima n'kuyamba kukanda akakolo. Pamsewu umenewo palibe poima pabwino, kumanzere phiri, kumanja phompho, kumbuyo lole ikulira. Ndidayendetsa ndi dzanja limodzi, linalo likugwira ntchito ina, ana atatu akulira kumbuyo.

"Ndi matumba a achimwenewa!" adatero Nabanda. "Ayenera kuti adawayanika kutchire kuja. Munthu wamkulu osaganiza kuti muli ana!"

Apa m'pamene ndikadalankhula. Ndidatsegula pakamwa ndithu. Chimene chidatuluka ndi chakuti, "Mwina sadaone."

Pa Dedza tidaima n'kugula mafuta odzola botolo lalikulu, tonse n'kudzola pamaso pa anthu ogulitsa mbatata ya kachewere. Nabanda adaimbira mchimwene wake pomwepo, ndipo mawu amene adamuuza sindidawamvepo ngakhale pa ine. Munthu uja adapepesa. Adati sakumvetsa, matumbawo adachokera m'nyumba, koma ngati ana apweteka ndiye kuti kulakwa ndi kwake. Usiku umenewo onse atagona ndidatulutsa jumbo ija n'kuitentha kuseri kwa nyumba. Ngongole ya malayawo ndidamaliza kubweza mu Julayi.

Patatha sabata ziwiri kudabwera munthu wa kumudzi ndi tambala wamkulu wofiira, miyendo yomanga ndi luzi. Adati alamu anu akuti pepani chifukwa cha matumba aja. Nabanda adamuphika Lamulungu, ndipo nthutumba adaika m'mbale yanga. Ndidadya.

Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse tikamapakira za masika, Nabanda amakutumula thumba lililonse pamaso pa mchimwene wake, ndipo iye amangoima, manja kumbuyo, ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Ine ndimayang'ana matayala.

Alamu, matumba anu adalibe kanthu. Anali malaya anga. Tambala wanu ndibweza masika ano, ndipo ndiwonjezapo thadzi. Nabanda, ukawerenga izi uyambe wadya kaye. Ndipo wina akawauze apongozi, poti ine sindingathe kuwauza ndekha.