Pakalowa mbewa akumba okha

Makolo anatisiyira dandaulo lakuti andiitana pakalowa njoka, pakalowa mbewa akumba okha. Ankanena za mnansi amene amakukumbukira zinthu zikavuta basi. Akanaona mmene minibasi zimayendera m'mizinda mwathu, bwenzi mwambiwu ataulemba pachikwangwani n'kuukhoma pa siteji ya ku Limbe.

Minibasi ndi una wa mbewa zonona, ndipo okumba sasowa. A Road Traffic amabwera ndi khasu lawo la COF ndi mapemiti. Khonsolo imakumbira cha kudepoti. Apolisi apamsewu ali chire ndi buku la chindapusa. Minibasi ikati ichoke ku Blantyre kupita ku Lilongwe, ikasiya kenakake pa Chingeni, pomwe anayamba kulipiritsa mu 2021, n'kukasiyanso pa Kalinyeke. Ngakhale woitanira, amene ntchito yake inaletsedwa mu 2006, amabudula kamchira kake tsiku ndi tsiku. Mwina kalata yomuletsa sinamupezebe.

Tsono ilowe njoka. Ndani amaonetsetsa kuti mayi wa ku Area 25 wapeza galimoto mbandakucha? Ndani angafunse chifukwa chake mtengo umakwera mvula ikangochita mdima? A MERA akakweza mafuta usiku, kondakitala amakhala atamva kale tambala asanalire. Akatsitsa, wailesi yake imakhala yopanda mabatire. Mukapita ku ofesi iyi akuti si ife, iyo akuti bwana ali kumsonkhano. Ndodo yophera njoka amaipatsira wokwera, amene wapanikizika wachinayi pampando wa anthu atatu, nkhuku ya mwini wake ili pamiyendo.

Achikulire amakumbuka mabasi a UTM, amene kampani ya Stagecoach inawatenga mu 1989 n'kuwasiya mu 1997, kenako n'kukhala Shire Bus Lines. Ankadzaza mpaka pakhomo, inde, koma nthawi yonyamukira inali yolembedwa, ndipo basi ikachedwa munkadziwa woti mumukalipire. Lero nthawi yonyamukira ndi "watsala mmodzi", ndipo mmodziyo sanasambe n'komwe.

Ku Greater Manchester, ku England, anadutsamo momwemu. Mu 1986 boma linamasula mabasi kuti kampani iliyonse izidzisankhira njira. Makampani anaunjikana m'misewu ya ndalama, madera ena n'kutsala pamtetete. Kuyambira mu 2023 mpaka Januwale 2025, meya Andy Burnham anabweza mabasi onse pansi pa ulamuliro umodzi wotchedwa Bee Network. Bungwe limodzi ndilo limakonza njira, nthawi ndi mtengo, makampani n'kumapikisana kuti apatsidwe kontirakiti. Stagecoach yomwe ija ili m'gulumo, mabasi ake atapakidwa utoto wachikasu ngati a anzake onse.

Ifenso tikufunika mwini nkhani mmodzi pa mzinda ndi maboma ouzungulira, woti anthu a ku Lunzu, Chileka ndi Bangwe azimudziwa khomo lake. Wakumba mbewa agwirenso ndodo. Eni minibasi asaope, galimoto zikhalabe zawo. Chosintha n'chakuti wotenga njira yonona azisenzanso ina yowonda.

Vuto n'lakuti kukonza zimenezi kudzafuna msonkhano wa masiku asanu kunyanja, wokhala ndi alawansi. Kumeneko okumba adzafika onse, aliyense pa galimoto ya ofesi, ndipo wa ku Bangwe adzamva pawailesi ali pa siteji kuti anamuimirira bwino.