Mwana wa Alamu Ali Pabenchi

Alamu anga a kabaza ali ndi mapaundi 100 miliyoni. Ngongole ya tiyi pa Golomoti sanabweze, koma pafoni yawo yong'aluka galasi amagula ndi kugulitsa anyamata a ku London ngati mbuzi pamsika. Ndiyo Fantasy Premier League: osewera 15, anayi mwa iwo pabenchi, ndipo kalabu imodzi sutengako oposa atatu.

Loweruka m'mawa ndinawapeza pansi pa mango, panjira yokwera ku Mua Mishoni, njinga ili gone, dzanja lili patsaya.

"Kwagwanji, alamu?"

"Mwana wanga wapabenchi."

Ndinavula chipewa. Kenako ndinamva kuti mwanayo ndi wotchinga kumbuyo wa mapaundi 4 miliyoni, wotchipitsitsa, amene ngakhale kwawo sadziwa ngati akadali pantchito.

Anandifotokozera mavuto ake ngati akuwerenga matenda a agogo. Kochi akapanda kumulowetsa, ndalama zapita m'madzi. Akasewera bwino n'kugoletsa, mapointi akewo amawerengedwa pokhapokha wina wa m'bwalo atapanda kuponda udzu. Tsono tsoka lenileni ndi ili: wamkulu amene mwanayo akanalowa m'malo mwake amayamba panja, alamu n'kuyamba kuvina, kenako kochi n'kumulowetsa mphindi ya 89. Kapointi kamodzi! Mwana wapabenchi n'kutsala ndi mapointi ake m'manja ngati mlendo wofika mbale zitatsukidwa. Apa anatchula kochi Pep Guardiola motsitsa mawu, monga timatchulira nkhalamba yoganiziridwa ufiti.

"Bwanji osangomugulitsa?"

"Kusintha kwaulere ndatha. Andidula mapointi anayi. Mukufuna anzanga a pasiteji andiseke mwezi wonse?"

Mayi wina wa dengu la tomato anafika, akufuna ulendo wa ku Mtakataka. Alamu anangokweza chala: chitseko chosinthira osewera chimatsekedwa ola ndi theka mpira woyamba usanayambe, ndipo netiweki inali itathawira pachulu. Anakwera pachulupo, foni m'mwamba, mwendo umodzi uli lende. Azungu awiri opita kukaona zigoba za Gule Wamkulu ku Kungoni anaima n'kuwajambula, poyesa kuti mwambo wayambira pamsewu. Mayi uja anakwera njinga ina.

Atatsika ndinawakumbutsa za mwana wawo weniweni, amene wakhala pabenchi ya timu ya m'mudzi chaka chonse chifukwa alibe nsapato.

Anandiyang'ana mondimvera chisoni.

"Alamu, ameneyo amabweretsa mapointi angati?"