Ponenerera Lichero pa Waliranji

Dzuwa la Okutobala likafika paliwombo, msika wa pa Waliranji umasamukira m'makonde. Ogulitsa tomato amafunditsa katundu wawo ziguduli zonyowa, a kabaza amatsamiritsa njinga pansi pa mitengo, ndipo aliyense amene ali ndi mthunzi amalandira alendo osawaitana. Pa 14 mwezi umenewu, mawa lake lili tsiku la Anakubala, mthunzi wabwino unali pakhonde la telala wina, moyang'anana ndi msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji. Ine ndinali kumapeto kwa benchi, kudikira kuti andipindire thalauza.

Pabenchipo panali mayi wina amene onse amangomutcha amayi atcheya, atapanira kope la banki m'khonde m'khwapa. Panalinso mphunzitsi wopuma ntchito, ndi mnyamata wa njinga yamoto amene maso ake sankachoka pafoni. Pansi, m'mphepete mwa khonde, gogo wina wamwamuna anali atandanditsa malichero, nsengwa ndi madengu, iye ali kalikiliki kupala nsungwi ndi kampeni kothera kunola.

"Minibasi inyamuka 3 koloko m'bandakucha," anatero amayi atcheya, akuloza m'kope muja. "Wochedwa akaonera nyanja pafoni za anzake. Lilongwe timudutse kusanache, titenge msewu wa ku Salima, dzuwa likamayamba kuwawa tikhale tikuviika mapazi ku Senga Bay."

"Ndalama apereka onse?" anafunsa telala, makina ali pakamwa pa nsalu.

"Osatsala ndi mmodzi yemwe. Za kunyanja anthu savuta. Koma ukangotchula ngongole ya gulu, pomwepo wina mutu wamuyamba, wina mwana wadwala."

"Akazi anga akhala akukazinga mandasi a paulendowo chiyambire m'mawa," anatero telala. "Usiku aphikanso mpunga ndi nkhuku. Akuti mawa ndi tsiku loti amayi apume."

Anthu anaseka. Amayi atcheya anawerama n'kutola lichero limodzi, kulitembenuza, kuligogoda ndi chala.

"Agogo, ili mukupanga bwanji? Ndikufuna ndiwasiyire apongozi anga, poti iwo kunyanja akana."

Gogo uja anatchula mtengo. Unali wosapitirira wa mabotolo atatu a fanta.

"Iii, agogo! Nsungwi zomwezi? Chotsaniko, ndife anthu a konkuno."

Gogoyo anaika kampeni pansi mosafulumira.

"Mwana wanga, nsungwi zomwezi ukuzinenazi unaziona kuti komaliza? Ife tikukula tinkadula kuseri kwa nyumba. Lero m'mphepete mwa mitsinje monse ndi madimba, bango loti n'kusokera mphasa unalizula n'kudzalapo mpiru. Kumapiri a Mchinji ndi kwa a zankhalango, sungangolowa ndi chikwanje. Ndiye ndimakagula kwa munthu amene anadzala zake, n'kulipiranso wonyamula. Zikafika ndizing'ambe, ndizipale mpaka zisalale, ndiziviike kuti zisathyoke poluka. Kuluka kwenikweniko si ntchito yayi. Ntchito ili pa mkombero. Ukaupinda molakwika, lichero limapotoka lisanathe mwezi, ndipo mwini wake amadzakuchitira mwano pamsika pano. Ndichotse pati? Pa nsungwi, kapena pa zala zangazi?"

Mnyamata wa njinga yamoto anadzutsa mutu.

"Agogo, musakwiye, koma tsabola wakale sawawa. Beseni la pulasitiki lili apo, lotchipa, silifumbwa, ukhoza kusambiramonso mwana."

"Kapetere mtedza m'beseni lakolo tikuone, mphwanga," anayankha mphunzitsi. "Mwezi uno ku Mavwere kuno khomo lililonse akuswa mtedza wambewu, mvula isanagwe. Lichero n'losaya, n'lopepuka, ndipo pansi pake m'pokhakhala. Ukaliponya m'mwamba, njere zimabwerera kwa iwe, makoko ndi mankhusu amathawira kutsogolo. M'beseni zonse zimangoterereka limodzi. Chigayo chokonola chinalanda ntchito ya mtondo ndi munsi, matumba a PICS ndi mantha a akuba ndi anankafumbwe zinagwetsa nkhokwe, koma cholanda ntchito ya lichero sichinabwere."

"Ngakhale mtsuko," anawonjeza telala. "Madzi a m'chigubu dzuwa ili amakhala ngati a tiyi. A mumtsuko amazizira okha, chifukwa dothi lowotcha limatuluka thukuta, mphepo ikaliumitsa kutentha kumapita nako. Koma mayi woumba akabwera nawo pano atausenza kuchokera kumudzi, timayamba kuugogoda, kufunafuna mng'alu woti titsitsire mtengo."

Amayi atcheya sanabweze lichero lija, komanso sanatulutse ndalama. Analiika pamiyendo n'kuitana kamtsikana kogulitsa zitumbuwa. Kanawakulungira m'chidutswa cha nyuzipepala. Zitumbuwa zitatha, mphunzitsi uja anapempha pepalalo, n'kuliwongola pabondo pake, mafuta ali noninoni, nayamba kuwerenga mokweza. Inali nkhani ya Chichewa, ya banja lina limene linakanganirana mbuzi ya chiwongo. Khonde lonse linakhala chete. Pamene mlandu umafika poti nkhoswe iyankhe, pepala linathera pomwepo.

"Aa! Ndiye mbuziyo inapita kwa yani?" anadandaula telala. "Iwe mwana, pepala linalo lili kuti?"

"Ndakulungira wina, wapita nalo ku Nathyola," kanatero kamtsikanako.

"Ndi mmene timawerengera masiku ano," anatero mphunzitsi. "Nyuzipepala imatipeza itagulidwa pasikelo ndi ogulitsa zokazinga. Nkhani timaiyamba pakati, sitiimaliza. Ine ndikuyamba ntchito, kusukulu kunkabwera Boma Lathu, mwana aliyense amafuna aigwireko. Kutchalitchi kunkapezeka Odini ya ku Likuni. Magazini ya Moni, imene a Montfort anaiyamba ku Limbe mu 1964, mphunzitsi mmodzi akagula inkayenda nyumba zonse za aphunzitsi, mpaka chikuto kuthothoka. Kenaka kunabwera Tikambe mu Malawi News, Tamvani mu Weekend Nation, ndi Fuko yongogawa ulere. Munthu umakhala pansi pa mtengo wa mango Lamlungu masana, ukuwerengera anthu asanu osadziwa kuwerenga, iwo akukutsutsa ngati walemba ndiwe."

"Mabuku aja munali nawo anapita kuti, aphunzitsi?" anafunsa amayi atcheya.

"Afunseni ana anu. Ndinali ndi katoni yodzadza. Sikusinja ndi Gwenembe la a John Gwengwe, Mkwatibwi Wokhumudwa la a Litete, Njala Bwana la a Willie Zingani, Ikakuona Litsiro Sikata la a Jolly Max Ntaba. Ndinalinso ndi Nthondo, limene a Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, anapambana nalo mpikisano ndipo linatuluka mu 1933, chaka chotsatira n'kumasuliridwa m'Chingerezi. Aliyense ankati ndibwerekeni mawa ndibweza. Wonena kuti ndigulitseni sindinamuonepo. Lero anthu omwewo amandifunsa chifukwa chake mabuku a Chichewa sakupezeka."

"Komatu ife timawerenga, madala," anatero mnyamata uja, akutembenuzira foni kwa mphunzitsi. "Pa Facebook pali anthu olemba nkhani za Chichewa, gawo lililonse tsiku lake. Iyi ndili pa gawo 40. Mkazi wapeza kuti mwamuna wake wa ku Joni ali ndi banja lina."

Mphunzitsi anavala magalasi, n'kuwerenga kanthawi, milomo ikugwedera.

"Mwanayu amatha kulemba," anavomereza. "Zilembo zina wazimeza, koma nkhani amaidziwa poikhotetsa. Umamulipira zingati?"

"Ndani?"

"Wolembayu."

"Aaa, ndi zaulere. Ine ndimangogula bandulo."

"Tsiku lililonse?"

"Nanga n'kutani."

"Wa bandulo unayamba wamunenerera?"

Mnyamatayo anaseka, n'kubweza foni m'thumba.

Nkhani inabwerera kuulendo, poti telala anafuna kudziwa ngati gogo uja anayamba waiona nyanja.

"Nyanja yayi," anatero gogo, akupitiriza kupala. "Ine ulendo wanga ndi wa ku Mkaika. Loweruka lomaliza la Ogasiti timakwera lole, kudutsa pachipata cha Mwami, Chipata, mpaka ku Katete, ku mwambo wa Kulamba, kukalambira Kalonga Gawa Undi. Mwambowu atsamunda anauletsa, unadzayambiranso mu 1984, ndipo chiyambire pamenepo ndikakhala ndi mphamvu sindijomba. Kumeneko umaona Gule Wamkulu wa maiko atatu, Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo umadziwa kuti amisiri akadalipo. Ndimapitanso ndi malichero anga. Anzathu a ku Zambia amanenerera ngati inu nomwe, kusiyana kwake ndalama yawo ikadutsa chipata imanenepa."

"Nanga pa Khirisimasi kale munkapita kuti?" anafunsa mnyamata.

"Kuti kuti? Pompano. Umadya mpunga, kuvala malaya atsopano, n'kuyenda wapansi kudzaona anthu. Mudzi wina umabwera ndi mganda, anyamata atatchena zoyera, malipenga a zikho ali m'manja. Amayi amavina chimtali mpaka fumbi kutseka dzuwa. Ana amabwera ndi magalimoto awo a mawaya, wina mpaka kuikamo chiwongolero chokhota matayala. Amene wakwera basi ya UTM kupita ku Lilongwe amakhala nkhani ya mwezi wathunthu."

"Zimenezo n'zabwino, koma mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi," anatero amayi atcheya. "M'gulu mwathu muli amayi amene anabadwira muno, kukwatiwa muno, kubereka ana asanu ndi atatu, madzi aakulu amene anawaona ndi a Bua basi. Chaka chonse ali weramu kumunda. Tsiku limodzi lokha akaone dziko, akadye chambo chimene sanaphike okha, mukuti n'kuononga?"

Palibe anatsutsa, ndipo nanenso mumtima ndinawavomereza. Ndalama ya kunyanja si yotayika. Mayi amene waima m'madzi mpaka m'mawondo, chitenje atakwinya, akukuwa ngati kamwana, amabwerako ndi chinthu chimene feteleza sangamupatse. Koma telala anali asanathe nawo.

"Amayi atcheya, kadengu kaja munabwera nako chaka chatha, kamene mumaikamo ulusi, munakagula kuti?"

"Ku Senga Bay, m'mashedi a zosemasema aja ali m'mbali mwa msewu."

"Ndalama zingati?"

Mayiwo anayang'ana kumbali. Atakakamizidwa anatchula. Unali mtengo wa malichero atatu a gogo uja, ndi chenji chapamwamba.

"Munanenerera?"

"Pamaso pa azungu ndi anthu a m'tauni? Ndikanaoneka bwanji?"

Khonde lonse linaphulika. Ngakhale gogo anaseka mpaka kutsokomola.

"Kadengu kamene kaja ndinakaona," anatero. "Mlaza wake ndi wabwino, koma pansi anathamangira. Ndikanakhala ine ndikanachita manyazi."

Mphunzitsi anati iye zimenezi sizimudabwitsa. Anakumbutsa kuti ku Mua, m'boma la Dedza, bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, kumene osema a m'midzi yozungulira amagulitsa ntchito zawo kwa alendo ochokera kutali, ndipo UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005. Anakumbutsanso kuti kale kusukulu kunali nthawi ya ntchito zamanja, mwana aliyense amabweretsa tsache, mthiko kapena kamphasa kosoka yekha, mphunzitsi n'kupereka malikisi. "Luso lathu likakwera galimoto n'kukaima pamalo pamene pali chikwangwani, timalipatsa ulemu," anatero. "Likakhala pansi pafumbi, mwini wake tikumudziwa dzina ndi mudzi, timati nsungwi zomwezi."

Pamenepa mpamene ndinaona kuti mkangano wonse wa pakhondepo unali umodzi. Wa minibasi akatchula mtengo timapereka, poti akuti mafuta akwera. Wa bandulo timamupatsa tsiku ndi tsiku osamuona nkhope. Wapachipata cha kunyanja sitimufunsa kawiri. Mphamvu zathu zonenerera timazisungira woluka lichero, woumba mtsuko ndi wolemba nkhani m'chinenero chathu, anthu amene sangatithamangitse chifukwa mawa tidzakumana nawo pamaliro. Kenaka timadabwa mdzukulu wa mmisiri ngati gogo uja akasankha njinga yamoto. Mwanayo si waulesi. Wakhala akuonerera agogo ake akuchotseredwa mtengo kuyambira ali kumbuyo.

Amayi atcheya anamasula mfundo ya chitenje, n'kuwerenga ndalama yonse imene gogo anatchula, osachotsapo.

"Koma basela ikhalepo, agogo. Kansengwa ako."

"Basela ya nsungwi ndi zipalo izi, tolani mukakolezere moto."

Mayiwo anaseka, kenaka anakhala kaye chete, akuyang'ana nsengwa zija. Mutu wa banki m'khonde unali utayamba kugwira ntchito.

"Tamverani. Mawa ku Senga Bay kudzakhala anthu osaneneka, mabasi ochokera ku Lilongwe konse. Bwanji mundipatse nsengwa khumi ndikayese kumeneko? Ndikagulitsa pamtengo wa kunyanja, tidzagawana Lachisanu."

"Ine ndikhoza kuzijambula n'kuziika pa WhatsApp usiku uno," anatero mnyamata uja, foni itatuluka kale. "Koma pakhale kanga."

Gogo anawayang'ana onse awiri, wina kenaka mnzake, n'kuyamba kusanja nsengwa khumi, kusankha zosalala mkombero. Atamaliza anaikapo dzanja pamwamba.

"Zonsezi ndamva, ana anga, ndipo nzeru zake n'zabwino. Koma ndalama itsogole. Katundu wanga sapita kunyanja pangongole, sadziwa kusambira."