Ulemu kwa Gogo 192.168.1.1

Mwa zonse zimene zimatumikira chigwa cha Shire mosanyinyirika, palibe chonyozeka kuposa nambala yolembedwa m'timalemba ting'onoting'ono kunsi kwa rauta: 192.168.1.1. Imakumbukiridwa intaneti ikathawa basi. Pamenepo munthu amagadabuza kabokosiko, kupukuta fumbi ndi chala, kutsinzinira diso limodzi, n'kuyamba kutukwana. Komatu gogo ameneyu ndi mfumu, ndipo umboni ulipo.

Amene anakonza IPv4 anakonzera dziko maadiresi a pa intaneti pafupifupi 4.3 biliyoni, nayesa akwanira. Nkhokwe yaikulu ya maadiresiwo inatha mu Febuluwale 2011, ndipo anthufe tinadutsa 8 biliyoni mu 2022. Chinatipulumutsa ndi nzeru ya mu 1994 yopatula maadiresi ena, monga oyamba ndi 10 kapena 192.168, kuti aliyense azigawa m'nyumba mwake osapempha kwa munthu. Wa ku Ngabu kapena ku Bangula nkhani iyi amaidziwa kale. Zaka zambiri mudzi wonse unkalandirira makalata pa bokosi limodzi la sukulu. A positi ankadziwa bokosilo basi, koma wodziwa kuti kalata ya ku Joni ndi ya mayi uti anali ahedi. Imeneyo ndiyo NAT: kunja kumaoneka adiresi imodzi, mkatimu gogo amalemba m'kaundula kuti foni iyi inafunsa zakuti, yankho likabwera alipereke kwa mwini wake. Kalata imene palibe anaiitanitsa, mlonda wotchedwa firewall amaibwezera pachipata, osaipatsa ndi mpando womwe. Mlendo akafika ndi foni yake, DHCP imamubwereka nambala ya kanthawi, pakuti mlendo ndi mame, ndipo nambala yodula malire, 255.255.255.0, ikakhala pamalo pake, bwalo limakwana 254, kuwerengera gogo yemwe. Ndi nyakwawa iti imene ingagawire anthu ochuluka chotere malo popanda mlandu wa malire?

Ena akuti ndi woyambitsa ndewu. N'zoona kuti ukalumikiza firewall kuseri kwa modemu, zonse ziwiri n'kumadzitcha 192.168.1.1, uthenga umasokonezeka ndipo ofesi yonse imangopenyana. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Koma taonani mathero ake. Munthu amangosintha mmodzi akhale 192.168.2.1, kuzimitsa, kuyatsa, nkhani yatha madzi a tiyi asanawire. Mikangano ya ufumu kuno imakalambira kukhoti, ochita apilo n'kumwalira chigamulo chisanabwere. Gogo amatula dzina lake osaitana nkhoswe, ndipo sachitira nsanje abale ake, 192.168.0.1 ndi 192.168.8.1 wa m'timamodemu ta Huawei.

Ophunzira akuti wakalamba, atule pansi udindo, poti IPv6, yolowa m'malo mwa IPv4, inalembedwa kale mu 1998 ndipo ili ndi maadiresi okwanira mchenga wonse wa mu Mwanza ndi Ruo. Malonjezo aakulu ndi okoma, ndipo ife a kuno timawadziwa bwino: doko la Nsanje linatsegulidwa ndi nthungululu mu Okutobala 2010, sitima zake tikuzidikirabe. Wolowa ufumuyo, IPv6, wadikira zaka zoposa 25, ndipo ngakhale kumene anafika amakhala pambali pa gogo, osati pampando wake.

Dandaulo lolemera ndi la kuiwala, koma apanso akumunamizira. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, magetsi ankathima maola ambirimbiri, koma akayaka rauta inkadzuka ikukumbukira malamulo ake onse. Imaiwala pokhapokha wina, thukuta la Nchalo lili kamukamu, mtima utamuthera, apise kamtengo ka machesi m'kabowo kakumbuyo kaja n'kudinikiza masekondi khumi. Apo zonse zimafufutika: malamulo a pachipata, adiresi yokhazikika ya pulinta, mawu achinsinsi amene mlembi anawasunga pa kapepala m'dirowa. Chotsala ndi gogo yekha, 192.168.1.1, wopanda mangawa ndi aliyense, wokonzeka kutsegulira munthu woyamba amene alembe kuti admin.