Anyani apinki andivula ubambo

Mwamuna wa ku Ndirande ali ndi zinthu zimene amaloledwa kuziopa poyera popanda womuseka. Landilodi akagogoda mwezi utangoyamba, opa. Foni ya kumudzi ikalira pakati pa usiku, opa. Mayi a kunyumba akakuitana ndi dzina lako lonse la pa chiphaso, thawa kumene. Pa mndandanda umenewu panalibe anyani mpaka ine nditawalembapo. Sindikunena anyani a m'phiri la Michiru, oti ukatola mwala amabalalika. Ndikunena anyani apinki, a nkhope zachifundo, okhala m'kati mwa TV yanga.

Gwero la zonsezi ndi alamu anga a ku Joni. Pobwera kudzadya Khirisimasi anawatengera ana kabokosi kolowa m'thumba la malaya, kobaya kumbuyo kwa TV, ka mapadi awiri. Pa katoni analemba kuti muli magemu masauzande. Alimodi, kungoti ambiri ndi gemu imodzimodzi yongosintha dzina. Ana anathamangira ya zibakera. Ine monga mutu wa banja, komanso wachiwiri kwa msungichuma wa mphakati wathu, ndinaletsa. M'nyumba muno simuseweredwa zomenyana. Ndinatsika ndi mndandanda uja mpaka ndinapeza kamwana ka mkango kakumwetulira, kamchira kali m'mwamba.

"Iyi ndiye ya ana," ndinatero. "Sewerani iyi."

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Gemuyo ndi The Lion King, ya chaka cha 1994, chaka chomwe filimu yake inatuluka, ife kuno tili pamzere kuvota pa chisankho cha zipani zambiri. Inapangidwa ndi kampani ya Westwood Studios ku Las Vegas, yoseweredwa pa makina a Sega Mega Drive ndi Super Nintendo, ndipo zinyama zake anazijambula ndi akatswiri a ku Disney eni ake. N'chifukwa chake kamkangoko, Simba, kamayenda mokoma chonchi. Kakati kabangule kamangotulutsa kamawu ka mphaka wanjala, iwe n'kumaseka, osadziwa kuti amene asekedwe ndiwe.

Siteji yoyamba ndi nyambo. Ukungodumpha miyala, kuponda abuluzi, kukuwiza nungu kuti igadabuke, kumapeto n'kugwetsa fisi mmodzi. Mwana wanga wachisamba anaidutsa ali kutafuna chimanga chootcha. Atalowa siteji yachiwiri anagwa m'madzi, anagwanso, anagwanso, kenaka anaika padi pansi n'kunena kuti gemuyi ndi yoduka mutu.

Apa ndi pomwe ndinadzuka pa mpando. Ndinawauza ana za kupirira. Ndinawakumbutsa kuti ine kusukulu ndinkapita chosavala nsapato, kuwoloka mtsinje wodzaza, m'mimba muli mbatata ya dzulo. Ndinati ana a masiku ano mukangopunthwa kamodzi mwataya kale mtima, pamene kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulaliki utatha ndinatambasula dzanja.

"Bweretsa kuno, uone mmene amachitira akuluakulu."

Ndikufotokozereni bwino siteji imeneyi, kuti mukamandiseka muzindiseka mukudziwa. Dziko lake ndi lowala, mitengo yamitundumitundu, nyimbo ya mu filimu ikulira mosangalala. Poyamba umayenera kuwoloka madzi podumpha pa mitu ya akadyansonga. Kadyansonga aliyense amakulandira mwaulemu, koma ukangochedwa pang'ono amapendeketsa mutu, iwe phava! m'madzi. Simba, mwana wa mfumu ya nyama zonse, sadziwa kusambira. Ukapulumuka pamenepo umakwera nthiwatiwa yothamanga ngati yabedwa, ndipo uyenera kudumpha kapena kuwerama pa nthawi yake yeniyeni, apo ayi chisa cha mbalame chikumenya pachipumi. Kutsogolo kuli mvuu zimene umalendewera ku michira yawo. Mchira wa mvuu mukuudziwa kufupika kwake. Munthu wa ana atatu, ndevu zayamba kuyera, kumalimbana ndi kugwira mchira wa mvuu.

Koma zonsezi ndi ndiwo chabe. Nsima yeniyeni ndi anyani. Chipembere chimakuponya m'mwamba ndi nyanga, nyani wa mu mtengo amakuwakha, n'kukuponyera kwa mnzake, mnzakeyo kwa wina, mpaka umapezeka wabwerera pomwe unayambira. Kuti udutse uyenera kubangulira anyani apinki aja kuti atembenuke n'kukuponyera njira ina, koma palibe amakuuza kuti ndi uti woyamba kumubangulira. Amene anakatengako kalata ku maofesi ena m'tauni muno akudziwa mmene zimakhalira: uyu akuti pitani chipinda chachitatu, wachitatu akuti bwana atuluka, wina akuti yambani mwadinditsa kwa amene munayambira uja. Kusiyana kwake n'kwakuti anyaniwa amachita zimenezi akumwetulira.

Ndinagwa. Ndinati padiyi ndi yolimba mabatani. Anandisinthira. Ndinagwa. Ndinati TV ili patali. Anaisendeza. Ndinati nyali ikundithobwa m'maso. Anazimitsa. Kenaka zifukwa zinatha, kunangotsala ine ndi zala zanga. Ana anali duu, poti anaphunzitsidwa bwino kuti wamkulu sasekedwa, koma mapewa awo ankagwedera. Kwa nthawi yoyamba chibadwire ndinapemphera chamumtima kuti magetsi azime. Usiku umenewo anayaka mokhulupirika mpaka mbandakucha.

Mawa lake ndinakayang'ana uphungu kwa mnyamata wina amene ali ndi kashopu ka magemu chakufupi ndi msika wa Ndirande, komwe ana amalipira kuti amenye mpira pa PlayStation. Ndinayamba ndi kunena kuti ndikufunsira mwana wa aneba.

"Madala, mwana wa anebayo ali ndi matuza pa chala chachikulu ngati anuwo?"

Anandikhazika pa benchi n'kundimasulira. Iye amawerenga za zinthuzi pa foni, ndipo akuti kulira kwanga ndi kwakale, kuli ndi zaka zoposa 30. Gemuyi itangotuluka, olemba za magemu anagwirizana kuti zojambula ndi nyimbo n'zapamwamba, koma pa kaseweredwe anagawanika. Ena anaipatsa malikisi abwino. Magazini ya GamePro ya ku America inadandaula kuti kwa ongoyamba kumene ndi yovuta mopyola muyezo, pamene kwa ozolowera ndi yotopetsa ndi yokwiyitsa. Ndinamva bwino mumtima. Ngati azungu olipidwa kuti azisewera magemu analira, ine wolipira ndekha mayunitsi a magetsi ndingalephere bwanji?

Chimene chinanditsegula maso ndi chifukwa chake. Nthawi imeneyo ku America kunali mashopu obwereketsa mafilimu ndi magemu kwa masiku ochepa, monga Blockbuster. Louis Castle, mmodzi mwa amene anayambitsa Westwood, anadzafotokoza patapita zaka kuti a Disney sankafuna kuti mwana abwereke gemu Lachisanu n'kufika nayo patali pomabweza, chifukwa akatero sakakamizanso makolo ake kuti amugulire. Ndiye opangawo anaonjezera dala mpiringupiringu wa anyani uja pa siteji yachiwiri. Mkuluyo anafika popepesa kwa osewera.

Mnyamata wa shopuyo sankaona cholakwika chilichonse. "Ndi bizinesi imeneyo, madala. Kasitomala akapambana msanga amapita kwawo. Akaluza pang'ono pokha, amapisanso m'thumba." Ndinayang'ana ana amene anali pa benchi lakutsogolo, aliyense akulumbira kuti iyi ndi yomaliza, ndipo ndinaona kuti Las Vegas ndi Ndirande anaphunzira sukulu imodzi.

Kunyumba kwanga nakonso kuli bwalo la oweruza, ndipo nalonso ndi logawanika. Wachisamba akuti gemuyo ndi ya makedzana, zithunzi zake ndi za madontho, bola mpira. Landilodi, amene khoma lake ndi langa ndi limodzi, sanaionepo, koma nyimbo ya siteji yachiwiri akuidziwa yonse ndipo anandifunsa mwaulemu ngati kaseti yathu ili ndi mbali ina. Mnzanga wa ku Chilomoni anabwera ndi matama, akuti anyani amawadziwa poti anakulira m'munsi mwa Michiru, kuwathamangitsa m'munda. Sanawaone n'komwe anyaniwo. Anathera pa kadyansonga wachiwiri, n'kunena kuti ali ndi maliro ku Bangwe.

Malikisi apamwamba anachokera kwa mayi a kunyumba. Ndinawamva akuuza anzawo pa mpopi kuti chibwerere kabokosika bambo sapitanso ku bawo, ndalama ya ndiwo ikukwana, ndipo madzulo amadziwa pomwe ali. Chodandaula chawo ndi chimodzi.

"Abambo, mawu amene munalankhula usiku kwa nyani uja, mukawabwereze pa mphakati Lachinayi."

Ndinawauza kuti ndinkalankhula Chingerezi cha m'gemu. Anati Chingerezi chimenecho amachimva kwa makondakitala a minibasi za ku Limbe.

Mnyamata uja anandiuzanso kuti mu 2019 gemuyi inatulutsidwanso pamodzi ndi ya Aladdin, ndipo anaikamo batani lobwezera m'mbuyo: ukagwa m'madzi umangodina, Simba n'kutulukamo chafutambuyo, wouma, ngati palibe chachitika. Ndiye kuti eni ake anavomereza kuti popanda chifundo anthu safika kumapeto kwa masiteji 10 onsewo. Kabokosi ka alamu anga kalibe batani limenelo. Kali ndi malamulo a 1994, osasinthidwa ndi nyumba ya malamulo iliyonse.

Ndinayesa njira zauchikulire. Ndinatenga kope la masamu la mwana n'kujambula mtengo uliwonse ndi nyani wake, mivi ikuloza uku ndi uku. Mwanayo anapita nalo kusukulu, aphunzitsi n'kulemba ndi cholembera chofiira kuti kholo lidzaonekere. Ndinayesa kusewera m'mamawa mutu usanatope. Ndinachedwa kuntchito. Ndinafika poganiza zopita ku Majete, komwe anabweretsako mikango mu 2012, kuti ndikaone ngati mwana wa mkango weniweni amalola kuponyedwaponyedwa ndi anyani. Mtengo wa thiransipoti ya ku Chikwawa unandibweza.

Tsiku lina pobwera kuntchito ndinamva nyimbo yachilendo m'nyumba. Pa TV panali mdima, mafupa a njovu ali mbwee, afisi akulumpha. Pa mkeka panali chitsirizira changa, kamtsikana ka Sitandade 3, lilime lili panja, padi ikukaposa manja.

"Iwe, wafika bwanji kumeneko?"

"Ndangodutsa, adadi."

"Anyani aja?"

"Mumangowakuwiza apinkiwo. Inu mumakuwiza onse, ndiye mumawasokoneza. Komanso mumadina mokwiya."

Palibe kope, palibe ulaliki, palibe mbatata ya dzulo. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma m'nyumba mwanga moto unazimira pa mwana amene sanayambe n'kuchapa yekha yunifomu. Ndinatsokomola n'kumuuza kuti wachita bwino kutsatira zimene ndinamuphunzitsa. Anandiyang'ana ndi chisoni chenicheni, n'kundilonjeza kuti akafika pa siteji ya nyumbu zothamanga adzandiitana kuti ndidzaonerere. Pakadali pano udindo wanga pa gemuyi ndi kugwira chingwe cha kumbuyo kwa TV kuti chisasunthe.

Nditaganiza mofatsa monga mutu wa banja, ndasintha lamulo. Magemu a tinyama tomwetulira ndawaletsa m'kati mwa sabata chifukwa amaononga khalidwe la akuluakulu. A zibakera ndawavomereza. Ndinaona kuti kugwetsedwa ndi chimphona cha minofu ndi nkhani yoti mwamuna angathe kuifotokoza ku bawo mutu uli m'mwamba. Ndiye Loweruka tinaika Street Fighter II, ine ndinasankha chimunthu chachikulu kuposa onse, cha chifuwa chaubweya. Chitsirizira changa chinasankha Chun-Li, mtsikana wa timaliboni m'mutu. Za mateche amene ndinalandira tidzakamba sabata ya mawa, chala chikaphwa.