Alamu, Ndikufuna Kukhala Nkhuku Yachikuda

Cosmo City, Johannesburg

Alamu,

Moni tinapatsana kale pafoni, ndiye ndisawononge pepala. Ndili ndi nkhani yomwe ikundiyabwa pakamwa, ndipo pa WhatsApp singatheke, paja inu mumamvera theka n'kunena kuti bandulo yatha.

Kuno kwabuka mtundu wa anthu osalembedwa ntchito koma osagona ndi njala. Mwana wa bwana wanga ndi mmodzi wa iwo. Mnyamata wa ndevu zake, sukulu anamaliza, koma kuntchito sapita. Amadzuka dzuwa litakwera, kunyamula laputopu, uyo ku Rosebank kukakhala komwera khofi. Tsiku lina anandipempha kuti ndimunyamulire katoni mpaka kumeneko, ndiye ndinadzionera ndekha. Thebulo lililonse pali munthu, maso pa kompyuta, zomvera m'makutu, kapu imodzi ya khofi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Khofi wakeyo mtengo wake ukuposa ola langa lathunthu la thukuta, paja mu Marichi 2025 boma la kuno linaika malipiro otsikitsitsa pa R28.79 pa ola. Ndinanong'oneza kuti kodi wamwalira ndani poti anthu ali ziii chonchi? Akuti ayi, tili pantchito. Nanga bwana wanu ali kuti? Akuti tilibe bwana, aliyense moyo wake anadzikonzera yekha. Lachinayi lililonse amakumana kagulu kawo, aliyense kuulula zomwe wachita sabata imeneyo ndi zomwe zamukanika, anzake n'kumamudzudzula popanda kumunyengerera. Akuti munthu wofuna kudziimira payekha azikhala ndi anzake ofuna zomwezo.

Pobwerera mu tekisi mutu unandizungulira, mpaka ndinaitulukira nkhani yake. Alamu, anthu tili ngati nkhuku. Pali buloila ndi yachikuda. Buloila imakhala m'khola la simenti, nyali ikuyaka usiku wonse, chakudya chimabwera chokha, madzi amabwera okha, katemera pa nthawi yake. Imanenepa bwino, koma tsiku lake lophedwa linalembedwa kale pa kalendala ya mwini khola. Yachikuda imadzuka mbandakucha, kupalasa padzala, apa chiswe, apo kambewu ka chimanga, usiku kugona mumtengo wa mango. Ndi yowonda, nyama yake yolimba, koma palibe amene amaiuza nthawi yodzukira. Ine, mlamu wanu, ndine buloila wa ku Randburg. Ndimadya nthawi yomwe madamu anena, ndimapuma tsiku lomwe bwana wanena, ndipo tsiku lomwe adzagulitse nyumba n'kusamukira ku Cape Town ndilo tsiku langa la mpeni.

Ndi za kumtundu zimenezi. Agogo athu aamuna aja anali buloila weniweni wa nthawi ya Wenela: kuwakweza ndege, kuwaveka nambala pamkono, kuwagoneka m'komboni, chakudya cha pamzere. Kamuzu atatseka njira ija mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74, agogo anakhazikika pamudzi ali ndi njinga, wailesi, jekete ndi chifuwa, koma osadziwa kugulitsa ngakhale mulu umodzi wa tomato pa Lizulu. Buloila ukaitulutsa panja imangoima n'kumayang'ana kumwamba, kudikira kuti madeya agwe ngati mvula.

Ndiye ndinati ndifune anzanga oti andiphunzitse kupalasa. Mnzanga wina wa ku Mangochi, telala wa ku Fordsburg, ananditengera kumsonkhano wa anthu a bizinesi mu holo ina m'tauni. Kulowa kunali kwaulere, kutuluka ndiye kunali ndi mtengo. Kutsogolo kunaima tambala wa suti yowala, wotchi yaikulu ngati chivindikiro cha poto, kulira kokoliko maola awiri osameza malovu. Akuti umphawi uli m'mutu. Akuti iye amapanga ndalama ali m'tulo. Anationetsa zithunzi ataima pambali pa galimoto, koma chithunzi choti ali m'kati mwake sindinachione. Pomaliza akuti wofuna chinsinsi chenicheni alipire maphunziro ena a Loweruka. Ndinamuyang'ana bwinobwino tambala uja, nthenga zokongola, mawu okoma, koma alamu, munaonapo tambala ataikira dzira? Bizinesi yake yonse ndi ifeyo amene tinakhala pamipando. Tinatuluka mwakachetechete ngati tikupita kokataya madzi.

Aphunzitsi anga enieni ndinawapeza pakona pa nyumba yomwe ndimachita lendi. Pali spaza ya Msomali, kagolosale ka zitsulo pawindo, komwe ndimagula buledi. Amenewa si nkhuku ayi, ndi nkhanga. Simudzaiona nkhanga ikuyenda yokha, ndipo imodzi ikalira zonse zadziwa kuti kwabwera galu. Ndinayamba kumuthandiza kutsitsa katundu Loweruka madzulo, osati chifukwa cha ndalama, koma kuti ndizionera pafupi. Paja mazira a nkhanga timafungatiritsa nkhuku. Kuno zatembenuka, dzira la nkhuku likufungatiridwa ndi nkhanga.

Imvani mmene amachitira. Sapikula yekhayekha. Eni masitolo angapo amasonkha ndalama, kutumiza galimoto imodzi kumaholoselo a ku Crown Mines, kugula shuga, mafuta ophikira ndi ufa mochuluka mpaka mwini holoselo atsitse mtengo. Akagawana, aliyense amagulitsa motsika kuposa woyandikana naye amene anapita yekha ndi tekisi kukagula mabelo awiri. Phindu pa chinthu chimodzi ndi lochepa zedi, koma katundu sagona. Amatsegula kusanache, kutseka usiku, ndipo matiresi ake ali kuseri kwa matumba a mpunga, ndiye lendi ya nyumba palibe, mlonda ndi iye mwini. Dzira amagulitsa limodzilimodzi, thewera la mwana limodzilimodzi. Ali ndi kabuku ka ngongole ka agogo a m'deralo, amene amabweza tsiku lomwe alandira ndalama ya boma ya okalamba, ndipo agogowo sagulanso kwina. Mnyamata akangofika kuchokera kwawo samupatsa ndalama m'manja. Amamuika m'sitolo kaye, malipiro ake n'kumasungidwa, kenako amamupatsa gawo m'sitolo yomweyo, pambuyo pake amamutsegulira yake. Akafuna kumva za mitengo amapita ku Mayfair kukamwa tiyi ndi anzake, ndipo pobwera amadziwa kuti mafuta atsika kuti.

Ndinamufunsa kuti chinsinsi n'chiyani, ndikuyembekeza kuti nayenso anena za Loweruka. Anangotulutsa zitini ziwiri pansi pa kauntala. China cha mpamba, china cha phindu. Akuti cha phindu udye, cha mpamba ngakhale ulire usachikhudze. Maphunziro onse anathera pomwepo, ndipo anandipatsanso nthochi yaulere.

Aitiyopiya nawo ndi nkhanga za mtundu wina. Pa Jeppe Street nyumba zitalizitali zomwe kale zinali maofesi a madokotala anazidula tizipinda, kalikonse ndi sitolo ya nsalu, nsapato, makatani. Ambiri anayamba ndi kusenza mabulangete pamsana, khomo ndi khomo m'malokeshoni, kusiya katundu pangongole n'kudzatolera kumapeto a mwezi. Azimayi a kuno ndi stokvel yawo, chipereganyu chomwe chija, amasonkha chaka chonse, pofika Disembala kugula golosale yodzaza lole. Ndiye ife Amalawi? Timadziwika kuti ndife okhulupirika. Mabwana akamasaka wa m'dimba amachita kunena kuti akufuna Mmalawi. Ndi ulemu ndithu, koma ndi ulemu womwe mlimi amapereka kwa buloila yosadumpha mpanda.

Tsono tapangana anthu asanu, paja nkhanga zinapangana kusanapse. Ine, telala uja, anyamata awiri a ku Mzimba ogwira m'madimba, ndi mayi wina wa ku Nkhotakota amene amaitanitsa usipa, mpunga wa kilombero ndi tsabola wa Nali kudzera kwa matransipota n'kumagulitsa kwa Amalawi anzathu. Timakumana Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, telalayo poti ndi Msilamu amafika msanga n'kutisungira malo pansi pa mtengo. Khofi wathu ndi Sobo wothira madzi ambiri. Aliyense amatulutsa kabuku kake. Mayi uja ndiye thadzi lalikulu, amajompha osaona nkhope. Anandifunsa kuti bwanji ndimalipiritsa pa tsiku m'malo molipiritsa pa bwalo? Akuti munthu wa makina ake otchetchera kapinga amamaliza mabwalo atatu tsiku limodzi, lililonse mtengo wake, pomwe iwe ukutha tsiku lonse pa bwalo limodzi, kapinga ukatha akukutuma kusambitsa agalu. Ndinasowa choyankha. Mabwana asanu ang'onoang'ono akuti aposa bwana mmodzi wamkulu, chifukwa mmodzi akasamuka anayi atsala. Ndiye timasonkha R500 aliyense pamwezi, wina n'kutenga zonse, ndipo mwezi wamawa ndi ulendo wanga. Makina omwe ndikufuna kugulawo ndinawaona kale, ogwiritsidwapo ntchito koma injini yake ikulira bwino. Ndimapita kukawasuzumira ngati chibwenzi.

Musaganize kuti panja pali mtendere. Yachikuda ili ndi kabawi wake. Ife pachipata cholowera m'dziko muno amatidindira masiku 30 okha, ndipo chitupa cha bizinesi amafuna munthu wa R5 miliyoni, ndalama yomwe ngakhale titagulitsa mudzi wonse pamodzi ndi amfumu sitingaikwanitse. Wosowa mapepala akagwidwa ulendo ndi wa ku Lindela, ku Krugersdorp. Chitopa nachonso, chija cha ziwawa zodana ndi alendo, chimabwera nyengo ndi nyengo. Mu Meyi 2008 chinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, ndipo masiku ano kuli a Operation Dudula. Mu Novembala 2024, ana atamwalira ku Naledi, ku Soweto, ndi poizoni wophera tizilombo, a Ramaphosa analamula kuti spaza iliyonse ilembetsedwe pasanathe masiku 21, kenako anatalikitsa mpaka pa 28 Febuluwale 2025. Msomali wanga anzake anamulembera mafomu, wina kumuperekeza kuofesi, wina kumusungira sitolo. Ndinaona kuti anthu amene amati ndi odziimira paokhawa ndi amene amangiriridwa kwa anzawo kuposa tonsefe.

Koma kabawi wamkulu, alamu, ali kumudzi konko, ndipo wina ndikumulembera kalata ino. Mwanapiye asanamere nthenga, foni yalira: mbuzi yadya chimanga cha eni, mwana wathamangitsidwa yunifomu, njinga yathyoka foloko. Kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mukangomva kuti randi mumayesa kuti kuno timachita kutola pamsewu. Inu nomwe munandipempha foni ya makamera atatu. Mukufuna kujambula chiyani, alamu, nkhokwe?

Mlongo wanga wandiuza usiku wathawu za amayi. Akuti miyendo yatupanso, sakutha kufika ngakhale kudimba, ndipo sabata yatha anagwa pobwera kubafa. Bwanji simunandiuze? Ndikudziwa, iwo ndiwo anakuletsani, amati ndingade nkhawa. Nditamva sindinagone. Ndinakhala pabedi mpaka matekisi kuyamba kulira, ndikuwerenga zaka zomwe sindinawaone. Pa maliro a malume sindinabwere. Mwana wanga wamng'ono amandidziwa pa chithunzi, akamandilankhula pafoni amachita manyazi ngati akulankhula ndi aphunzitsi. Ndinachoka ndikunena kuti ndikukafuna malata okha, lero malata alipo koma ine kulibe. Ndikuopa foni ya usiku, alamu. Ikalira nthawi yachilendo mtima umachita kuima.

Chitini changa cha mpamba ndachitsegula. Ndauza anzanga a gulu, ndipo mayi wa ku Nkhotakota, yemwe amajompha uja, sananene zambiri. Anangoti ulendo wanga wa mwezi wamawa autembenuza ukhale wa sabata ino, ndipo mmodzi wa anyamata a ku Mzimba azindibwereka makina ake Loweruka lililonse mpaka ndidzapeze anga. Msomali nditamufotokozera anati lamulo la chitini lili ndi khomo limodzi lokha, ndipo khomo lake ndi mayi wako.

Ndiye mverani bwino. Lachiwiri nditumiza pa Mukuru m'dzina la mlongo wanga, nambala yotengera ndikutumizirani inu. Mupeze galimoto, osati kabaza, muwatengere kuchipatala cha mishoni chija, akawayeze magazi, shuga ndi mtima, ndipo mundijambulire chilichonse chomwe adokotala alembe m'buku lawo. Yotsala mugule thumba limodzi la feteleza wobzalira mitengo isanakwerenso. Amayi musawauze kuti ndi ndalama ya makina, angakane kukwera galimoto. Muwauze kuti bwana wandipatsa bonasi. Ngati adokotala anena kuti ndi zazikulu musandibisire, ndikwera basi pa Park Station tsiku lomwelo, za pachipata cha Beitbridge ndikaziona konko.

Foni ya makamera atatu ija muyambe mwaiiwala. Ndipo tambala wofiira amene ndinasiya uja ndamva kuti munadyera alendo pa Khirisimasi. Ndalemba m'kabuku, pa tsamba la ngongole, pansi pa dzina lanu.

Ndine mlamu wanu,
wa ku Joni