Kuyeza Chuma cha ku Kasiya ndi Maginito a M'wailesi

Zipangizo zoyezera mphamvu ya maginito m'miyala zilipo zamitundumitundu, ndipo chotchipa kuposa zonse ndi maginito ochotsa m'sipika ya wailesi yakufa. Munthu wa ku Kasiya, Nsaru kapena Kabudula wofuna kudziwa ngati munda wake wakhalira chuma ayambe ndi amenewa, poti yankho lake silichedwa, ngakhale limakhala lolakwika.

Atape mchenga wa m'ngalande mvula itakokolola, auyanike pa chiguduli, akulunge maginitowo m'jumbo n'kumawayendetsa pamwamba pake. Timchenga takuda tidzakakamira kujumboko titaima njo. Timeneto atisunge m'botolo kunsi kwa bedi, mchenga wotsalawo akakhuthule kudzala, kenako akakongole ndalama kubanki m'khonde. Akatero ndiye kuti wamaliza kutaya chumacho, chifukwa chimene chatchukitsa Kasiya ndi rutile, timchenga tofiirira topangira penti woyera, ndodo zowotcherera zitsulo ndi chitsulo cha titanium, ndipo rutile sakokedwa ndi maginito. Mnzake graphite, uja wa m'pensulo, ndiye mwano weniweni: maginito akamuyandikira amakankhika pang'ono. Zam'botolo zija zambiri ndi magnetite, mwala wachitsulo wosasowa.

Kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inanena mu 2023 kuti m'derali muli dothi lolemera matani 1.8 biliyoni, ndipo pa makilogalamu 100 alionse, pafupifupi imodzi ndi rutile. A Rio Tinto anagula magawo 15 pa 100 a kampaniyo mu 2023 osapempha nzeru kwa sipika ya munthu aliyense.

Kulabotale maginito amagwira ntchito ya lichero, yochotsa mankhusu. Dothi amaliumitsa, kulisefa, n'kulitsuka pa tebulo lonjenjemera kuti mchenga wolemera upatuke. Mchengawo amauthira pa chigudumu chachitsulo chozungulira pakati pa maginito amagetsi amphamvu kwambiri. Wokokedwa, monga ilmenite, umamatirira kuchigudumuko n'kukagwera kwina. Wosamva maginito umagwera pawokha, ndipo ndi umene amauyeza pasikelo n'kuuunika ndi makina a X-ray kuti adziwe kuchuluka kwa titanium. Wasipika aone zonsezi ngati kuwononga magetsi.

Mphamvu ya maginito imayezedwa ndi gaussmeter, kabokosi kokhala ndi kandodo kamene amakalowetsa pakati pa maginitowo. Maginito a dziko lapansi, aja amatembenuza singano ya kampasi, safika gauss imodzi, pomwe makina olekanitsira ilmenite amapitirira 10,000. Wopanda gaussmeter awerenge misomali imene sipika yake inganyamule, alembe nambalayo kuchikuto cha kope la mwana, ndipo asalole kufunsidwa mafunso.

Palinso kachipangizo kam'manja kamene akatswiri a miyala amakagunditsa pamwala, n'kuonetsa nambala yosonyeza mmene mwalawo umamvera maginito. M'munda wa rutile nambala yaikulu si umboni wa chuma, komabe wofuna kukweza mtengo wa malo akwirire khasu lakutha pamalo oyezerapo, kuti alendo achite kakasi. Chipangizo cha VSM, chimene anapanga Simon Foner ku MIT m'zaka za m'ma 1950, chimanjenjemeretsa kachidutswa kakang'ono pakati pa maginito n'kuyeza magetsi obadwa m'mawaya oyandikana nako. Kunyumba, kunjenjemerako kumabwera kwaulere tsiku lobweza ngongole ija.

Chachikulu pa zonse chimauluka. Mu 2013 ndege za Sander Geophysics zinkadutsa chapansipansi m'dziko muno pa kafukufuku wa Kauniuni, zitanyamula magnetometer yojambula kusinthasintha kwa maginito a m'nthaka, ndipo zotsatira zake zinatulutsidwa mu 2015. Amene ndegeyo inadutsa pa denga lake ali ndi ufulu wonena kumowa kuti boma linamuunika. Koma rutile wa ku Kasiya, poti amapezeka m'dothi lofewa lapamwamba, anayamba kumuyeza ndi chitsulo choboolera pansi chopota ndi manja, anyamata akutuluka thukuta.

Lamulo la migodi limati miyala ya pansi pa nthaka ndi ya dziko, osati ya wolima pamwamba pake, ndipo wofuna kuikumba kapena kuigulitsa amayenera kukhala ndi chiphaso. Choncho mwini botolo asathamangire nalo kumsika wa ku Nsaru, alisunge kaye mpaka wogula magnetite atapezeka.